Mbuzi Yofa Yokha Sindipachika

Mbuzi ndimagulitsa ndine, koma wozinga si ine. Ine ndine Mkatolika, ndinabatizidwa ku Nguludi, ndipo mpeni ndimaugwira bwino kuposa anthu ambiri. Koma pa Njuli pano ogula nyama ambiri ndi Asilamu, ndipo Msilamu sadya mbuzi yozingidwa ndi munthu ngati ine. Ndiye m'mawa uliwonse pabenchi panga pamafika achikulire ena a ku mzikiti, pa njinga yawo yopanda mabuleki, mpeni atakulunga m'kansalu. Mbuzi amaiyang'ana m'maso, amaiyendetsa kuti aone miyendo, amaipatsa madzi, kenako amaigoneka moyang'ana kumene iwo amayang'ana popemphera, n'kunena mawu awo, n'kuzinga. Apo ntchito yawo yatha. Ine ndimasenda, ndimatumbula, a za ziweto amabwera kudzadinda, ndiye ndimapachika. Mchira ndimausiya ndi ubweya wake, kuti wodutsa aliyense aone yekha kuti iyi ndi mbuzi, si galu. Achikulire aja amatenga khosi ndi kachiwindi n'kukwera njinga yawo. Tinayamba zimenezi ndevu zanga zili zakuda, pano zayera.

Nyama ya mbuzi ili ponseponse, ngakhale kuseri kwa malo omwera mowa mukaipeza. Chimene anthu amagula kwa ine ndi dzanja la achikulire aja. Ngakhale anzanga a ku tchalitchi, amene za kuzinga alibe nazo ntchito, amabwera kwa ine chifukwa amadziwa kuti madala amenewo mbuzi yodwala saikhudza. Atachoka iwo, ine ndatsala ndi thabwa, chipika chodulirapo nyama, ndi ntchentche basi.

Ndinakwatira mbali ya ku Kadewere, chikamwini. Nyumba ndinamanga ndekha, njerwa ndinaumba ndekha, koma dothi ndi la kwawo kwa mkazi wanga, ndipo mwini mbumba kumeneko ndi mchimwene wake wamkulu, alamu anga. Munthu woweta mbuzi, wodziwa kulankhula pamaliro, woti akaimirira ndi jekete lawo lakuda anthu onse amakhala chete. Sitinali paudani. Mbuzi zawo zina ndinkagula ndine.

Tsiku lina la msika, m'mawa, amayi ali kale pamzere ndi mbale zawo, alamu anatulukira pa kabaza, kumbuyo atamanga thumba. Anatsitsa n'kumasula. Mbuzi yaikazi, yonenepa bwino, koma khosi lili lende, m'mphuno muli magazi ouma.

“Alamu, yagundidwa ndi minibasi pompano,” anatero monong'ona. “Gwirani muone, ikadali yofunda. Auzeni madalawa angoidula pakhosi, tiipachike. Nyama yonseyi tikataye?”

Ine ndisanayankhe, achikulire aja anawerama n'kuikhudza diso ndi chala. Silinaphethire. Anaimirira n'kuyamba kukulunga mpeni wawo.

“Iyi yapita kale,” anatero.

“Madala, ndani akuona?”

“Ndikuona ndine.”

Pamenepo ndikanatha kuwatengera alamu kuseri n'kuwauza pang'onopang'ono. Koma pakamwa panga palibe mabuleki, ngati njinga ya achikulire. Ndinalankhula mzere wonse ukumva.

“Alamu, tengani mbuzi yanu. Mukafuna kadyeni kwanu, mukafuna kaikwirireni. Yofa yokha pano sindipachika.”

Mayi wina pamzere anati, “Kawaphikireni anthu a pamaliro, inu maliro simusowa,” ndipo anthu anafa ndi phwete. Alamu anamanga thumba lawo osayang'ana munthu. Wa kabaza nayenso ankaseka, njinga n'kumagwedezeka.

Mkazi wanga amagulitsa tomato ndi anyezi pambali pa benchi langa, ndiye zonsezi anaziona. Anangoti, “Bambo, mukanatsitsa mawu.”

Ndinati, “Mbuziyo ikanadzuka?”

Panapita masabata atatu. Kumudzi tinkapatsana moni bwinobwino ndi alamu, mwadzuka bwanji, tadzuka kaya inu. Ine n'kuiwala.

Pa Njuli tili ndi gulupu ya pa foni. Muli a masitolo, a kabaza, a chigayo, aphunzitsi, a ku mzikiti, a ku tchalitchi. Timauzana za maliro, mbuzi ikasowa, feteleza akafika. Ine kuwerenga ndimawerenga koma mochedwa, chilembo chimodzichimodzi, ndiye ndimakonda mavoyisi, aja munthu amalankhula iwe n'kumangomvera. Zolemba amandiwerengera mkazi wanga makasitomala akachepa.

Tsiku limenelo anayamba kuwerenga n'kusiya pakati. Ndinati pitirizani. Inali nambala yachilendo, yopanda dzina, yopanda nkhope. Inaika chithunzi cha benchi langa, mbuzi ili pa mbedza, mchira ukuoneka bwinobwino. Pansi pake analemba kuti mbuzi za pamenepa ndi zofa zokha, amatola zogundidwa pamsewu ndi zakufa ndi matenda, ndipo madala a ku mzikiti amangodula khosi la mtembo kuti apatsidwe chiwindi.

Taonani bodza lake. Munthu anatenga chimene ine ndinakana n'kunena kuti ndicho ndimachita.

Mufunsa kuti bwanji sindinaganizire alamu. Ndinawaganizira, koma pang'ono. Nambala yawo ndili nayo, ndipo foni yawo inali ija ya mabatani, yosajambula. Komanso za mbuzi ya m'thumba msika wonse unaona, ndipo pa Njuli si ine ndekha wogulitsa nyama. Ndinapita kwa mnzanga wina wa benchi la kumunsi n'kumugwira kolala. Iye anandionetsa manja ake odzaza mafuta n'kuti, “Achimwene, bodza limeneli landipha ndi ine ndemwe, anthu akuopa mbuzi iliyonse.” Ndinamusiya ndi manyazi.

Aphunzitsi amene amayang'anira gulupu ija anaichotsa nambalayo masana, koma zinali zitachedwa. Chithunzi chinali chitalumphira kale m'magulupu ena, mpaka munthu wina wa kwathu amene ali ku Joni anandiimbira kufunsa ngati n'zoona. Mawa lake mzere panalibe. Anthu ankadutsa patali, akuuyang'ana mchira uja ngati ukuwanamiza. Nyama inakhala pa mbedza mpaka dzuwa kupendeka, inada, ntchentche zinachita ukwati. Munthu amene sanaonepo mbuzi yabwino, yodindidwa, ikuwonongeka pamaso pake iye ali chiimire ndi mpeni m'manja, asandiuze kuti za pa foni ndi masewera.

Lachisanu achikulire anabwera opanda kansalu kaja. Anakhala pa kampando ka mkazi wanga.

“Akuluakulu a ku mzikiti akuti ndiyambe ndaima,” anatero. “Mpaka nkhaniyi iyere.”

“Koma inu mukudziwa kuti ndi bodza.”

“Ndikudziwa, bambo. Iwonso ena akudziwa. Koma dzanja ili limadyetsa anthu ambiri amene sandiona pozinga. Akayamba kukayika, sindingawakakamize kumeza.”

“Ndiye ine nditani?”

“Mupezeni amene wanena.”

Anadzuka n'kumapita. Sindinawakwiyire. Ndinakwiyira foni, ndinafuna kuiika pa chipika n'kuidula ndi chikwanje.

Ndinapita kupolisi ndi epuloni yanga yomwe. Ndinapeza mayi wapolisi, wamfupi, wosapupuluma. Uthenga uja anauwerenga kawiri.

“Mukumudziwa?”

“Ndikanamudziwa sindikanabwera kuno, bwana.”

“Ndiye zili bwino kuti simukumudziwa,” anatero akuyang'ana epuloni yanga. “Wanena kuti akuchitani chinachake?”

“Wandiphera benchi.”

“Ndamva. Koma ndikufunsa ngati wakuopsezani. Kukuipitsirani dzina ndi nkhani ina, ili ndi njira yake, ndipo ndi yaitali. Koma akakuuzani kuti akuvulazani, kapena awononga katundu wanu, kapena akamakusautsani mobwerezabwereza kuti muchite mantha, pamenepo lamulo lilipo, ngakhale anenere pa foni. Ndilemba kuti munabwera. Inu musafufute kalikonse. Ndipo musamuyankhe.”

Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima. Ndiye mpaka munthu ayambe wanola mpeni kuti boma lidzuke? Pa malangizo awiri aja, limodzi ndinalisunga, linalo ndinaliphwanya.

Benchi sindinatseke. Ndinkazinga ndekha mbuzi imodzi, n'kumauza aliyense poyera. Mayi wina wa Chisilamu, amene wakhala akugula kwa ine kuyambira ali mtsikana, anaima potero n'kufunsa, “Achimwene, wazinga ndani lero?”

“Ndine, chemwali. Musagule.”

“Mukananama ndikanagula.”

“N'chifukwa chake sindinama.”

Anagula tomato kwa mkazi wanga, tomato woti mwina sankamufuna n'komwe, n'kumapita. Ogula anali ochepa, nyama yambiri ndinkaikazinga kanyenya kuti isatayike, koma ndinkatsegula m'mawa uliwonse, kunola mipeni mokweza kuti msika wonse umve. Ndikuganiza kuti n'chimene chinamupweteka munthu uja, chifukwa anayamba kulemba ku nambala yanga.

Uthenga woyamba unati tseka benchi usanaone zina. Wachiwiri unati tsiku la msika upeza chipika chako chitathiridwa magazi a nkhumba. Amene si wa kuno sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Magazi a nkhumba akakhudza chipika, ngakhale utachitsuka ndi sopo wa dziko lonse, Msilamu sadzaimanso pamenepo. Wachitatu unati thabwa ndi petulo zimagwirizana, benchi liyaka ngati udzu. Uliwonse mkazi wanga ankandiwerengera ndi pakamwa pake, tomato ali m'manja.

Onse anali olemba. Voyisi panalibe ngakhale imodzi. Ndikanakhala wanzeru ndikanadziwa pomwepo kuti munthu wobisa mawu ake ndi munthu woti mawu ake ndimawadziwa.

Wachinayi ndiwo unandichititsa misala. Chinali chithunzi cha achikulire aja, chojambulidwa chakumbuyo, ali pa njinga m'mbali mwa msewu waukulu. Pansi analemba kuti pamsewu uwu mbuzi zimagundidwa, madala a njinga yopanda mabuleki nawonso amagundidwa.

Ndinalanda foni m'manja mwa mkazi wanga n'kudina paja timadina polankhula. Zimene ndinanena sindingazibwereze zonse. Ndinatchula amayi ake, ndinatchula agogo ake. Ndinamuuza kuti abwere, ndimusenda ngati mbuzi, mchira ndimusiyira kuti abale ake amuzindikire. Mkazi wanga anati musatumize, koma chala chinali chitachoka kale.

Tsiku lomwelo ndinadzera kwa achikulire kukawauza kuti njinga aisiye kaye, kenako n'kupita kupolisi. Mayi wapolisi uja anawerenga mauthenga anayi aja, nkhope inasintha. Anaitana mnzake. Anajambula uliwonse, ndi nambala yake, ndi nthawi yake.

“Uwu tsopano ndi mlandu,” anatero. “Watchula chimene achite, watchula katundu, watchula munthu.”

Kenako anadina voyisi yanga. Mawu anga anadzaza ofesi yonse. Wapolisi winayo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

“Uyu ndani?”

“Ndine, bwana.”

“Ndinakuuzani chiyani?”

“Koma wayamba ndi iyeyo.”

“Lamulo silifunsa woyamba. Mwalonjeza kusenda munthu, bambo, ndipo mipeni muli nayo. Izi ndizilembanso. Mukatumizanso ina ngati iyi, mugona muno inuyo iye asanapezeke.”

Zinandiwawa ngati ndulu, koma ankanena zoona.

Anati afunsa a kampani ya mafoni kuti nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso cha ndani, ndipo zimatenga nthawi. Zinatengadi. Mwezi unatha. Poweruka ndinkagubuduza chipika changa kukachitsekera mu sitolo ya mnzanga, m'mawa n'kukachitenga. A kabaza ankandiseka kuti, “Abambo a chipika, mwana wagona bwanji?” Ndinkawasiya aseke. Chipika chimenecho ndi cha mtengo wa mbawa, chadulirapo nyama zaka zambiri kuposa zimene ena a iwo akhala ndi moyo.

Kenako foni inalira. Anali mayi wapolisi uja. “Mubwere mawa, ndi akazi anu. Atenge chiphaso chawo cha unzika.”

Titafika anaika pepala patebulo, n'kuika chiphaso cha mkazi wanga pambali pake.

“Mayi, nambala imene yakhala ikuopseza amuna anu ndi yanu.”

Ndinamuyang'ana mkazi wanga. Sindinama, kwa kanthawi mutu unandiuza zoipa. Mkazi amene ndabereka naye ana mpaka kukula, amene ankandiwerengera mauthenga omwewo? Iye ankangoyang'ana chithunzi chake pa chiphaso ngati sakuchidziwa.

“Munabwereketsapo chiphasochi kwa munthu?” anafunsa wapolisi.

Kwathu kuno chiphaso chimabwerekedwa ngati khasu. Wina chake chasowa, wina chinatha ntchito, wina chili kwa olemba mayina. Akafuna simu ya foni amapita kwa mlongo wake, mlongoyo amamuperekeza pa ambulera paja amagulitsa mayunitsi, amalembetsa, n'kuiwala. Palibe amaganiza kuti akubwereketsa dzina lake.

Ndinaona nkhope ya mkazi wanga ikukumbukira.

“Pa pepala apa wolakwa ndinu,” anatero wapolisi. “Ine sindikukhulupirira kuti ndinu. Koma mukapanda kutiuza amene ali ndi simu imeneyi, wofunsidwa mukhala inuyo.”

Mkazi wanga anapempha kutuluka kukamwa madzi. Ndinamutsatira. Pa mpope anaima osatsegula.

“Bambo, ndi achimwene. Chaka chatha, nthawi yokolola. Anati chawo chinasowa.”

“Ndi foni ija ya mabatani?”

“Ali ndi ina. Anawatumizira mwana wawo wa ku Joni. Sayenda nayo poyera.”

“Kaneneni mkatimo, mayi, osati kwa ine.”

“Mukudziwa chimene chichitike kumudzi?”

“Ndikudziwa. Nanga iwo sankadziwa chimene chichitike kwa inu, polemba zonsezi ndi dzina lanu?”

Anatsegula mpope, anasamba kumaso, n'kulowa. Ananena yekha, ine ndili panja.

Alamu apolisi anakawatenga masana, anthu akuona. Foni inapezeka m'thumba la jekete lija la pamaliro, simu ili momwemo, mauthenga onse ali momwemo, ndi voyisi yanga yomwe. Anagona kupolisi masiku awiri n'kutuluka pa belo.

Lamulungu titaweruka ku Misa ndinapeza mikeka yayalidwa pakhomo pa apongozi. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri, apongozi, azilamu ena. Alamu anakhala pampando, ine pansi.

Nkhoswe ya kuchikazi inayamba. “Nkhani ya pachibale sipita ku boma. Mawa mupite mukathetse mlandu.”

“Walakwa chiyani kwenikweni?” anatero apongozi. “Watentha? Wathira magaziwo? Wagunda munthu? Zolemba pa foni ana amalemba tsiku lililonse.”

Ndinati, “Amayi, akanabwera pabenchi panga ndi chigubu cha petulo m'manja n'kunena mawu omwewo, mukanati ndi masewera? Kusiyana kwake kuli pati? Kuti anabisala kumbuyo kwa dzina la mlongo wawo?”

Alamu anati, “Munandichititsa manyazi pamsika, pamaso pa akazi.”

“Zoona, ndinakweza mawu. Pa chimenecho pepani. Koma mbuzi inali yakufa.”

“Komanso munawatukwana amayi awa pa foni. Voyisi yanu ija ndinaimva ndekha.”

Pamenepo ndinagwada. “Amayi, ndinkatukwana amayi a munthu wopanda nkhope. Sindinadziwe kuti ndi inu amene mumandiphikira phala ndikadwala. Pepani.”

Nkhoswe yanga inatsokomola kubisa kuseka. Apongozi anayang'ana kumbali.

Ndiye ndinanena zanga. “Mlandu ndikathetsa mawa lomwe. Koma alamu alowe mu gulupu muja, osati kulemba, alankhule ndi mawu awo aja timawamva pamaliro. Anene kuti mbuzi yakufa inali yawo, achikulire anaikana, ine ndinaikana, zonse analemba zija ndi bodza. Akatero apite ku mzikiti akanenenso chimodzimodzi. Basi. Sindikufuna nkhuku, sindikufuna mbuzi.”

Alamu anaseka. “Ine mwini mbumba ndikagwade pagulu chifukwa cha mkamwini? Mkamwini asamakule mwendo.”

“Ndiye tikaonana kukhoti.”

“Ndiye zulani malata anu.”

Ankaganiza kuti ndichita mantha. Anaiwala kuti anali atandichititsa kale mantha miyezi iwiri, ndipo manthawo anali atandithera. Nyumba ndi nyumba, koma nyumba ija inamangidwa ndi benchi. Ndikapulumutsa nyumba n'kusiya bodza lili chiimire, ndidya njerwa?

Lolemba m'mawa ndinakwera padenga ndi hamala. Ndinkazula msomali umodziumodzi, kuuwongola, kuuika m'chitini, osafulumira, mudzi wonse ukuonerera. Malata, chitseko, mafelemu a mawindo, zonse pa ngolo. Makoma ndinawasiyira. Ndinapeza chipinda cha lendi kuseri kwa sitolo ina pa Njuli. Mkazi wanga sanabwere tsiku limenelo, anakagona kwa amayi ake. Sindinamukakamize. Kumeneko ndi kwawo, mchombo wake uli kumeneko. Lachinayi ndinangoona akutsika minibasi ndi dengu la tomato, mapoto atamanga m'chitenje. Anayala tomato wake pamalo pake pomwe.

“Musaganize kuti ndakhululukira pakamwa panupo,” anatero.

Ndinati sindikuganiza.

Kukhoti anawerenga mauthenga onse anayi, ndi uja wa mu gulupu. Alamu anayamba ndi kukana, anati foni amabwereketsa anthu ambiri. Mkazi wanga anaimirira n'kunena za chiphaso, osayang'ana kumene kunakhala abale ake. Mayi uja wa pamzere, wa nthabwala ya maliro, anabwera kudzanena za mbuzi ya m'thumba. Voyisi yanga anaiikanso, khoti lonse linaseka mpaka oweruza kumenya tebulo, ndipo anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndili ndi mwayi sindinaime pamene aima alamu. Ndinavomera, ndinalakwa. Pomaliza alamu nawo anavomera. Oweruza anawafunsa ngati anaonapo mbuzi yofa yokha itapachikidwa pa benchi langa. Anati ayi. Oweruza anati kwezani mawu, paja akuti mumatha kulankhula pagulu. Anabwereza mokweza kuti ayi.

Ayi ameneyo ndi amene ndinazulira malata. Kumbuyo kwa khoti kunakhala amuna awiri ovala mikanjo, otumidwa ndi akuluakulu a ku mzikiti kudzamva. Anamva.

Chilango chinali chokagwira ntchito ya boma osalipidwa, kutchetcha udzu. Ena amati n'chochepa. Ine sindinapite kumeneko kukafuna kuti munthu awole m'ndende.

Tsiku la msika lotsatira ndinamva nsapato zikukhwekhwereza pansi, m'mene achikulire amaimitsira njinga yawo. Kansalu kali m'manja.

“Mwadzuka bwanji, bambo? Mbuzi zili kuti?”

Ndinali ndi ziwiri. Yoyamba anaiyendetsa, anaipatsa madzi, anaigoneka, anazinga. Yachiwiri anaiyang'ana m'mphuno nthawi yaitali.

“Iyi ili ndi chimfine. Ibwezeni.”

“Madala, tsiku loyamba lomwe?”

“Mumafuna ndiyambe lachiwiri?”

Ndinakwiya, ndinalalata, anthu anasonkhana. Iwo anangodikira ndimalize kusenda, n'kutenga khosi lawo ndi kachiwindi. Mbuzi ya chimfine ndinaimangirira pamtengo pomwepo, aliyense akuiona ili moyo, ikuyetsemula. Mayi wa Chisilamu uja anabwera ndi mbale yake, sanafunse kuti wazinga ndani, anaona njinga. Mbuzi ya pa mbedza inatha dzuwa lisanafike pamutu.

Si onse anabwerera. Alipo mpaka lero amene amadutsa patali, chifukwa chithunzi chija anatumizirana, koma ayi wa alamu palibe anatumiza. Ku tchalitchi ena amandiloza kuti uyo anamangitsa mlamu wake. Kumudzi kuja makoma anga akugwa ndi mvula. Mkazi wanga amakalima munda wake anthu osamulonjera, ndipo tsiku limene wachokera kumeneko sindimulankhula kawiri. Chiphaso chake amachisunga m'kathumba kosokera mkati mwa chitenje, sapatsa munthu, ngakhale ine. Zimenezi zimandipweteka, sindibisa.

Koma wina akafuna kundiuzanso kuti zinali za pa foni chabe, abwere pa Njuli m'mawa. Andipeza ndikunola mipeni, chipika chili pamalo pake, mbuzi ili pa mbedza ndi mchira wake. Afunse amene wazinga.